Galu naye ndi chiweto, mumangireni khola

Alimi anzanga, tayang'anani pakhomo panu. Mbuzi zili ndi khola lake, mwinanso lam'mwamba monga momwe timalangizira. Nkhuku zili ndi pogona pake. Nkhunda munaziimikira kanyumba, chimanga munachimangira nkhokwe. Nanga galu, yemwe amalondera zonsezi usiku inu muli mtulo, amagona pati? Mukapita kumunda, kumsika kapena kumaliro, amatsala motani?

M'midzi yathu kuno ku Phalombe, kaya ndi ku Migowi, ku Chiringa, ku Nkhulambe ngakhale kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kasungidwe ka agalu n'kofanana. Ena amangomusiya galu kuti adzionere yekha kodya ndi kogona. Ena amamumangirira pamtengo wa mango ndi kachingwe kakafupi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litalowa. Palinso ena omwe amamutsekera m'kanyumba kamdima, kopanda ndi kazenera komwe, ati kuti azilusa. Njira zitatu zonsezi zimamubweretsera mlimi mavuto oti akanatha kuwapewa.

Lero tikambirane za khola la galu: kamangidwe kake, momwe mungamuphunzitsire galu kuti azilowamo mwa kufuna kwake, ndi zomwe mungamusiyire kuti asamavutike akatsala yekha. Ino ndiyo nyengo yabwino yochitira ntchitoyi poti takolola, udzu ulipo, njerwa zikuumbidwa ndipo anthu tikupezeka pakhomo. Mvula ikangogwa aliyense adzakhala ndi khasu m'manja, nthawi yophunzitsa galu sidzapezekanso.

Galu woyendayenda ndi ngongole

Galu wopanda chakudya ndi chochita amadzipezera yekha zonse ziwiri. Amayamba ndi mazira, kenaka anapiye, mapeto ake mwana wa mbuzi wa mnzanu woyandikana naye nyumba. Chimanga chikayamba kukhwima, agalu ena amagwetsa mapesi n'kumadya chachiwisi m'munda mwa eni. Zotsatira zake mukuzidziwa: mlandu kwa amfumu, kulipira nkhuku kapena mbuzi yomwe simunadye, ndi chidani pakati pa anthu opalana moto. Wina akatopa nazo amangoponya nyama yothira tameki, m'mawa mupeza galu wanu atauma. Akuba nawo amachita chimodzimodzi akafuna kulowa m'khola la mbuzi, ndipo galu wozolowera kutola chilichonse panjira ndiye savuta kupha.

Koma vuto lalikulu kuposa onsewa ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo 40 mwa anthu 100 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe amakhala ana osakwana zaka 15. Kachirombo kake kamakhala m'malovu. Galu wanu akalumana ndi galu wodwala kumsika kapena kudambo, amabwera nako pakhomo pomwe ana anu amasewera naye. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, sachira.

Dziwaninso kuti chiwewe chikabuka m'dera, akuluakulu a zaziweto ali ndi mphamvu zolamula kuti agalu onse amangidwe kapena atsekeredwe, ndipo wopezeka akuyendayenda nthawi imeneyo atha kuphedwa. Galu yemwe anazolowera kale khola savutika ndi lamulo lotere. Yemwe sanatsekeredwepo chibadwire amadula chingwe tsiku loyamba lomwelo.

Mdima ndi chingwe sizipanga mlonda

Pa ntchito yanga ya ulangizi, funso lomwe alimi amafunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi galu akamaona anthu masana adzalusa usiku? Tisiyanitse galu wolimba mtima ndi galu wamantha. Galu yemwe wakulira mumdima sadziwa kuti mwana wapakhomo ndi uti, mlendo ndi uti, wakuba ndi uti. Kwa iye aliyense ndi choopsa. Tsiku lomwe adzapulumuke, adzaluma woyamba kukumana naye, ndipo nthawi zambiri ameneyo amakhala mwana wopita kusukulu kapena mayi wochokera kumjigo. Kumuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya nakonso sikumuonjezera luso lolondera, kumangomuwononga m'mimba ndi mutu.

Chingwe chachifupi nacho chili ndi zake. Mthunzi umene munamusiyapo galu m'mawa umakhala utasuntha ikamakwana 12 koloko. Chingwe chimakulungika pamtengo, madzi amatayika, khosi limanyuka n'kuchita zilonda zomwe ntchentche zimaunjikanapo. Galu womangidwa alibenso kothawira akaopsezedwa, ndiye amangoluma basi.

Mlonda weniweni ndi galu wokhuta, wodziwa anthu apakhomo pake, komanso wopuma mokwanira. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku. Akagona bwino masana pamalo abata, usiku makutu amakhala ali tcheru. Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wosamalidwa bwino akauwa usiku, mumadziwa kuti kunja kulidi kanthu.

Kamangidwe ka khola

Khola labwino limakhala ndi zigawo ziwiri: kanyumba kogonamo, ndi kabwalo kotchinga komwe galu angatambasulireko miyendo ndi kudzithandiza.

Kanyumba kogonamo kasakhale kakakulu kwambiri, chifukwa galu amakonda pamalo pomukwana ngati phanga. Chofunika n'chakuti athe kuimirira osagunda mutu kudenga, kutembenuka, ndi kugona chotambalala. Kwa agalu athu achikudawa, mita imodzi m'litali, masentimita 70 m'lifupi ndi masentimita 80 kupita m'mwamba ndi zokwanira. Kabwalo kakhale kosachepera mamita atatu m'litali ndi awiri m'lifupi, mpanda wake utalike pafupifupi mamita awiri poti agalu ena amadumpha. Agalu akakhala awiri, onjezerani malo ndipo aliyense akhale ndi pogona pake.

Zipangizo zake ndi zomwe tili nazo kale: njerwa zootcha, nsungwi, mitengo, udzu, ndi waya wolimba ngati thumba likulola. Waya wa nkhuku galu amauboola ndi mano. M'munsi mwa mpanda kwirirani njerwa kapena miyala mpaka masentimita 30 kuti asafukule n'kutulukira pansi. Pansi pa kanyumba pakwere kuposa nthaka yozungulira, pakhale pa simenti, njerwa zoyala kapena matabwa, kuti chinyezi chisalowe. Yalanipo chiguduli kapena bulangete lakale. Matumba a feteleza ndi a mankhwala a mbewu ayi.

Denga la udzu limaposa la malata, chifukwa m'chigwa chathu chino dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limasandutsa kanyumba ka malata kukhala uvuni. Ngati mwafolera ndi malata, yalani udzu pamwamba pake. Siyani mipata pansi pa denga kuti mpweya uzidutsa. Khomo lisayang'ane komwe kumachokera mphepo ya mwera.

Malo omangapo muwasankhe mosamala. Pakhale pamthunzi, pokwera, ndiponso pomwe galu angathe kuona khomo la nyumba yanu ndi khola la mbuzi. Galu ndi nyama yokonda kukhala pagulu. Mukamuika kuseri kwa bafa komwe saona munthu, azingolira tsiku lonse. Musalumikize khola lake ndi la nkhuku, chifukwa kuona nkhuku pafupi tsiku lonse kumamuutsa mtima wosaka, komanso utitiri umayenda.

Ngati simungathe kumanga khola chaka chino, yambani ndi njira yapakati. Kokani waya wolimba wotalika mamita 5 mpaka 10 pakati pa mitengo iwiri, mulowetsemo mphete yachitsulo, ndipo pampheteyo mumangirepo tcheni cha mamita awiri. Galu aziyenda uku ndi uku motsatira wayayo. M'khosi muvekeni lamba wotambalala, womasuka moti zala ziwiri zitha kulowa. Onetsetsani kuti akufikira pamthunzi ndi pamadzi nthawi iliyonse ya tsiku.

Kumuphunzitsa kulowa yekha

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amamaliza khola lero, lero lomwelo n'kumukoka galu, kumuponyamo, kupiringidza chitseko, ulendo wa kumsika. Galu wotere amaona khola ngati msampha, ndipo mawa akangokuonani mukupita chakumeneko amathawira kuthengo. Cholinga chathu n'chakuti galu aziona khola ngati kwawo, komwe kumapezeka zabwino.

M'mera mpoyamba. Kagalu kamene kangosiya kuyamwa, ka masabata asanu ndi atatu, kamaphunzira msanga. Musakachotse kwa mayi ake kasanafike msinkhu umenewu. Galu wamkulu naye amaphunzira, kungoti amafuna kuleza naye mtima kwa masabata angapo. Tsatirani ndondomeko iyi:

1. Masiku atatu oyamba, chitseko chikhale chotsekula usana ndi usiku. Ponyani kausipa kapena kambamu ka nsima pakhomo pa khola, kenaka m'katikati pang'ono, kenaka kumapeto. Musiyeni alowe ndi kutuluka mwa kufuna kwake. Osamukankha, osamukalipira.

2. Kuyambira tsiku lachinayi, chakudya chake chonse azidyera m'kholamo. Sankhani liwu limodzi, monga "lowa", ndipo aliyense pakhomo azigwiritsa ntchito liwu lomwelo. Akalowa, muyamikireni ndi mawu ofatsa n'kumupatsa kanthu.

3. Akayamba kudya mosatekeseka, tsekani chitseko pomwe akudya, n'kutsekula akangomaliza. Tsiku lotsatira dikirani mphindi ziwiri, kenaka zisanu, kenaka khumi, inu muli pompo mukusenda nandolo kapena kutong'ola chimanga.

4. Sabata yachiwiri, yambani kuchoka pamaso pake. Pitani kuseri kwa nyumba kwa mphindi zisanu, mubwerere. Onjezerani pang'onopang'ono mpaka theka la ola, kenaka ola lathunthu. Galu akuphunzira kuti mukachoka mumabweranso.

5. Akatha kukhala ola limodzi ali phee, muyeseni ndi ulendo waufupi, monga wa kuchigayo kapena kudimba.

Akayamba kulira, musathamangire kutsekula, chifukwa adzaphunzira kuti kulira ndiye kiyi. Dikirani akhale chete ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndiye mutsekule. Koma mukaona akuchucha dovu, akuluma mpanda mpaka kutuluka magazi m'kamwa, kapena akukana chakudya, dziwani kuti mwafulumira. Bwererani pa sitepe yam'mbuyo. Pochoka ndi pobwera musachite naye phokoso lambiri. Kuchoka kwanu kukhale chinthu wamba.

Lamulo lalikulu ndi ili: khola lisakhale chilango. Galu akaba ndiwo, musamumenye n'kumuponya m'khola, chifukwa mudzagwetsa ntchito yonse ya masabata awiri. Auzeninso ana kuti galu akalowa m'kanyumba kake asamusokoneze, asamugende ndiponso asamutose ndi timitengo pampanda.

Akhalemo nthawi yaitali bwanji?

Galu sakonda kuipitsa pomwe amagona, ndipo amadzigwira mpaka kuvutika. Kagalu ka miyezi iwiri sikangapirire mkodzo kupitirira maola awiri kapena atatu. Ka miyezi inayi, maola anayi kapena asanu. Choncho kagalu musakatsekere m'kanyumba kokha. Khomo lopita kukabwalo lizikhala lotsekula.

M'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ngakhalenso kunja, anthu amagula timakola tawaya tonyamulika tomwe amaika m'nyumba. Timathandiza pophunzitsa galu ndi pa ulendo, koma si tosungiramo galu tsiku lonse. Ku Sweden malamulo salola n'komwe kutsekera galu m'kakhola kotere kupatula pa zifukwa zochepa monga ulendo, ndipo amati masana galu azitulutsidwa pasanathe maola asanu ndi limodzi. Muyezo umenewu ndi wabwino kwa ifenso. Ngati mupita kumunda 5 koloko m'mawa n'kuweruka 11 koloko, galu wamkulu wokhala ndi kabwalo, madzi ndi mthunzi savutika. Ngati muchoka tsiku lonse, kapena masiku angapo monga amachitira opita kukapha nsomba ku Chilwa ndi olima mpunga kutali ndi kwawo, pakhale munthu yemwe galuyo amamudziwa woti azimupatsa chakudya, kumusinthira madzi ndi kumutulutsa.

Usiku mutulutseni kuti agwire ntchito yake ngati pakhomo panu pali mpanda. Ngati palibe, ndi bwino alondere ali pawaya uja kapena m'kabwalo kake. Ntchito yaikulu ya galu ndi kukudzutsani, ndipo angathe kutero ngakhale ali m'khola.

Zomutangwanitsa akatsala yekha

Galu wosungulumwa amauwa kosalekeza, amakumba maenje, amatafuna chitseko, ena amadzinyambita mwendo mpaka chilonda. Mankhwala ake oyamba ndi kumutopetsa musanamutsekere. Muyendeni naye kwa theka la ola m'mawa, kapena ana amuthamangitse pabwalo asanapite kusukulu. Masiku ena mutengeni kumunda. Alimi a m'mphepete mwa phiri la Michesi ndi la Mulanje amadziwa phindu la galu pothamangitsa anyani ndi apusi, ndipo galu wogwira ntchito yotere akafika pakhomo amangofuna pogona.

Chachiwiri, musiyireni chochita. Simufunika kugula zidole za m'sitolo:

Fupa lalikulu la ng'ombe losaphika limamutangwanitsa kwa maola. Ligulidwe pamalo pomwe nyama yake yayezedwa. Fupa la chiweto chofa chokha ayi. Likayamba kusweka, lichotseni.

Fupa lomwelo likatha mafuta am'kati, musalitaye. Kanyani nsima ndi bonya, muphatike m'bowo mwake. Galu amatha nthawi yaitali akunyambita kuti atulutse chakudyacho, ndipo kunyambita kumamukhazika mtima pansi.

M'malo momuikira chakudya chonse m'mbale, mwazani tiusipa kapena matemba ochepa m'mulu wa udzu wouma kapena masangwi a mtedza pakona ya kabwalo. Mphuno ya galu ndi yamphamvu kwambiri kuposa yathu, ndipo kufunafuna chakudya ndi mphuno kumamutopetsa ngati kuthamanga.

Chingwe chachikulu chomanga mfundo, kapena thalauza lakale la jinzi lopota n'kumanga mfundo zolimba, ndi chabwino kukoka ndi kutafuna. Chikayamba kusasuka, chichotseni asameze ulusi.

Kagalu kongobwera kumene, kaikireni malaya anu akale osachapa pogona pake. Fungo lanu limakatonthoza.

Musamupatse zonsezi tsiku limodzi. Lero fupa, mawa chingwe, mkuja zofunafuna muudzu. Chinthu chomwe amachiona tsiku ndi tsiku chimamukwana.

Pali zinthu zina zopezeka pakhomo pa mlimi aliyense zomwe ndi zoopsa. Chitsononkho cha chimanga ndi njere ya mango, galu akameza, zitha kutseka matumbo ndipo popanda opaleshoni atha kufa. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka ngati singano n'kubaya kukhosi ndi m'matumbo. Mapepala apulasitiki, mabatire akale ndi mabotolo a mankhwala a mbewu zisapezeke m'khola.

Chakudya, madzi ndi ukhondo

Mkute wokha sungamange thupi la galu. Nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya zisakanizidwe ndi zakudya zomanga thupi monga usipa, bonya, matemba opanda mchere wambiri, soya wokazinga ndi kugaya, kapena zotsala za kokaphera nyama zophika bwino. Masamba ophika ndi dzungu pang'ono ndi zabwinonso. Ndiwo zochuluka anyezi, adyo ndi tsabola musamupatse. Anyezi amaononga magazi a galu. Galu wamkulu adye kawiri pa tsiku, kagalu katatu kapena kanayi.

Madzi asasowe ngakhale ola limodzi. Gwiritsani ntchito mphika wolemera kapena chidebe chokwiriridwa pang'ono pansi kuti asagubuduze, ndipo chikhale pamthunzi. Tsukani ndi kusintha madzi tsiku lililonse.

Chotsani chimbudzi cha galu m'mawa uliwonse n'kuchikwirira m'dzenje lakelake. Musachiphatikize ndi manyowa a kudimba, chifukwa chimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba zomwe zimagwiranso anthu, makamaka ana. Ukhondo umatetezanso ku mphutsi zapakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira padothi lamthunzi lomwe lili ndi mkodzo kapena chimbudzi, ngakhalenso pansalu yachinyezi, ndipo galu akagonapo timphutsi timalowa pakhungu n'kutupitsa ngati zithupsa. Vutoli limakula nthawi ya dzinja. Yanikani zogonera zake padzuwa pafupipafupi, ndipo zikatha ntchito zitentheni.

Mankhwala a njoka zam'mimba apatsidwe miyezi itatu iliyonse. Za nkhupakupa, utitiri ndi mphere, funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti akuuzeni mankhwala oyenera galu ndi muyezo wake. Mankhwala opopera thonje, fodya kapena chimanga musayerekeze kusambitsira galu. Chimodzimodzinso mapiritsi a anthu opha ululu monga Panado ndi Brufen, atha kumupha.

Kutentha, chiperoni ndi madzi osefukira

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa popuma ndi lilime panja. Mukamuona akupuma mwawefuwefu kosalekeza, dovu lili chuchuchu, akudzandira, ndiye kuti watenthedwa koopsa. Muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizirira bwino pamimba ndi m'miyendo, ndipo mumupatse akumwa pang'onopang'ono. M'miyezi yotentha thirani madzi pakona imodzi ya kabwalo kuti azigona pozizira.

Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika kuchokera kuphiri, tiana ta agalu ndi agalu okalamba amavutika ndi kuzizira. Tchingani khomo la kanyumba ndi chiguduli ndipo onjezerani zoyala zouma.

Ife a ku Phalombe tikudziwa zomwe madzi amachita. Akuluakulu akukumbukira napolo wa mu Malichi 1991, ndipo tonse tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chiweto chomangidwa kapena chotsekeredwa sichingadzipulumutse. N'chifukwa chake khola limangidwe pokwera, kutali ndi ngalande ndi njira ya madzi. Chitseko chikhale cha mpiringidzo woti aliyense atha kutsekula mumdima, osati loko yemwe kiyi wake ali m'thumba la bambo omwe ali kutali. A zanyengo akachenjeza za mvula yamphamvu, musagone galu ali pachingwe. Ngati mukusamuka, mutengeni kapena mumasuleni.

Khola limathandizanso pa katemera

Khola silitenga malo a katemera. Galu aliyense wa miyezi itatu kupita m'tsogolo abayitsidwe katemera wa chiwewe, ndipo azibwereza chaka ndi chaka. Pa kampeni, pitani nato ngakhale tiana, alangizi akaone okha. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akalandira katemera, chiwewe chimasiya kufala. Zimenezi n'zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Chaka chilichonse pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa agalu.

Chomwe chimalepheretsa alimi ambiri ndi chakuti tsiku la katemera galu sagwirika, kapena wapita koyenda. Galu wozolowera khola mumamupeza pomwe munamusiya. Pomwe mukumuphunzitsa khola, muphunzitseninso kuyenda pachingwe ndi kugwiridwa makutu, miyendo ndi khosi, kuti mlangizi asadzavutike naye. Zoti katemera amafooketsa galu kapena kumuletsa kusaka ndi nkhambakamwa chabe. Sungani bwino chiphaso cha katemera, chifukwa tsiku lomwe galu wanu adzalume munthu, chidzakhala mboni yanu.

Zoterezi zikachitika, tsukani bala la wolumidwayo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono. Osathira mchere, dothi kapena ubweya wa galu pabalapo. Dziwitsani mlangizi wa ziweto msanga. Galuyo atsekeredwe m'khola kwa masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi mosamala, kuti alangizi aone ngati asinthe khalidwe. Galu wofatsa akayamba kulusa mwadzidzidzi, kuluma mitengo ndi miyala, kutuluka dovu, kusintha mawu pouwa kapena kufa ziwalo, musamugwire ndi manja ndipo ana asayandikire.

Khola lomweli lidzakuthandizani galu wamkazi akafika nthawi yofuna amuna, zomwe zimachitika pafupifupi kawiri pa chaka kwa masabata atatu. Mukamutsekera bwino nthawi imeneyi mumapewa chigulu cha agalu achilendo omenyana pakhomo panu, komanso ana agalu omwe simungathe kuwadyetsa. Akatenga bere, pakatha masiku pafupifupi 63 amaswa, ndipo adzafuna malo ouma ndi abata. Ngati simufuna kuti aziswana, funsani alangizi za kufula agalu aamuna ndi kutseka aakazi.

Yambani sabata ino

Werengani mtengo wa njerwa 200, mitolo ingapo ya udzu ndi nsungwi, muyerekeze ndi mtengo wa mbuzi imodzi yolipira mlandu, kapena ndalama zoyendera kuchipatala maulendo angapo ndi mwana wolumidwa. Muona nokha chotchipa.

Sankhani malo lero, muyeze ndi mapazi, mukhome zikhomo. Khola likatha, perekani masabata awiri kapena atatu ophunzitsa galu dzinja lisanafike. Ngati mukufuna thandizo pa kamangidwe, katemera kapena mankhwala, pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kaya ndi ku Naminjiwa, Waruma, Nkhulambe, Tamani, Kasongo kapena Mpinda, mukafunse mlangizi wa ziweto. Mukakumana pagulu lanu la alimi, ikambiraneninso nkhaniyi, chifukwa galu wa mnzanu akamayendayenda wopanda katemera, ana anu nawonso ali pachiopsezo.